Kodi kapinga naye amadya dola?

Ndithandizeni inu amene munapita patali ndi sukulu. Akuti chuma cha dziko chikavuta, mabwalo a gofu nawo amavutika. Kuno ku Chiuta, kwa Ngokwe, kuvuta kwa chuma timakuona ndi maso: mulu wa matemba umachepa mtengo uli womwewo, ukonde wong'ambika umangosokedwabe, wakabaza amakweza mtengo wopita ku Ntaja. Nanga bwalo limavutika bwanji? Lili ndi mimba?

Bwalo la gofu sindinalipondepo. Ndinangoliona pawindo la minibasi ku Zomba, lija la Gymkhana Club, m'munsi mwa phiri. Ndinaona malo aakulu osalala, opanda phesi ngakhale limodzi, opanda mbuzi. Ndinafunsa mnzanga wapampando kuti mwini munda umenewu anamwalira liti, anthu n'kundiseka.

Amene anandimasulira ndi mwana wa achemwali anga, yemwe anakhalapo zaka zingapo akunyamula zikwama za osewera pa kalabu ina ya m'tauni. Iwo amati ma caddie. Akuti bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, monga la Lilongwe Golf Club, koma ambiri m'Malawi muno ndi a maenje 9. Munthu amamenya kampira koyera ndi ndodo, n'kumakalondola wapansi kwa maola anayi mpaka kagwere m'maenje onsewo. M'chikwama mumaloledwa ndodo 14. Ndinati, ndodo 14 kampira kamodzi? Iye anati, "Amalume, iliyonse ili ndi ntchito yake." Ndinangovomera.

Chimene chinandizunguza mutu ndi kapinga. Pafupi ndi dzenje, akuti amametedwa pafupifupi tsiku ndi tsiku, kufupika kwake ngati ndevu za dzulo. Amamuthirira chilimwe chonse, amamuthira feteleza, amamupopera mankhwala. Feteleza weniweni, yemwe uja tinkamugula K4,495 pa thumba pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, n'kudzafika K15,000 patangopita zaka ziwiri, tikumugonera pamzere. Ndiye kapingayo akakula amadya ndani? Akuti palibe. Amangomumetanso.

Apa m'pamene dola imalowera. Makina ometera amachokera kunja, zitsulo zake zikathyoka amaitanitsa kunja, dizilo ndi petulo n'zakunja, feteleza, mankhwala, timipira ndi ndodo zomwe. Koma mamembala amalipira m'makwacha, pamtengo umene anagwirizana chaka chisanayambe. Tsono kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula theka la zinthu. Mpope wothirira umafuna magetsi, ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 dziko lonse linalowa mumdima wa maola ambiri patsiku. Jenereta imafuna dizilo, dizilo ali pamzere wa pa filing'i siteshoni. Kodi mkulu wa kalabu amaimanso pamzere womwewo ndi chigubu, n'kunena kuti ndikukamwetsa kapinga?

Ndinafunsa kuti bwanji osangokweza mtengo wa umembala, poti osewerawo ndi anthu a ndalama. Akuti mukakweza ena amasiya, otsalawo katundu amawalemera, mukwezanso, enanso asiya. Ndipo mipikisano yambiri amalipirira ndi mabanki ndi makampani a mafoni, amene zinthu zikathina amayamba kudula za zisangalalo. Ku bala nako, amene ankaitanitsa za tebulo lonse amangogula yakeyake. Kodi olemera nawo amawerenga chenji? Ine ndimayesa zimenezo n'zathu zokha.

Chinanso, mabwalowa akuoneka kuti lililonse lili ndi bele lake loyamwa. A ku Thyolo ndi ku Mulanje anabadwa ndi minda ya tiyi. A ku Nchalo ndi ku Dwangwa ndi a kampani ya shuga. La Mlambe ku Makokola, kwa anansi athu a ku Mangochi, limayang'ana alendo odzaona nyanja, amene mu 2020 Covid anawatsekera kwawo. La ku Zomba linali la mabwana a boma la atsamunda. Nanga likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, osewera ake anatsala angati?

Kunja akuti zinafika poipa. Ku America, chuma chitagwa mu 2008, mabwalo otsekedwa ankachuluka kuposa otsegulidwa chaka ndi chaka, ndipo ena anagawidwa mapuloti. Ku Japan umembala unkagulitsidwa ndalama zogulira nyumba, koma chuma chitaphwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mitengoyo inagwa chagada. Mu 2015 kampani ya Kyocera inalengeza zoyala masola pa bwalo lina losiyidwa ku Kyoto. Zimenezo ndinazikonda. Nanga kwathu kuno bwalo litati lafa, angapatse ndani? Bwalo lathunthu ndi malo oposa mahekitala 40, madzi ali pomwepo, nthaka yadya feteleza zaka zonsezi. Mu March 2024, boma likulengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23, panali amene anayerekeza kuwerengera matumba a chimanga amene angatuluke pamenepo? Mwina funso limeneli n'lachimidzi. Mwinanso akanangomangapo mashopu, ife chimangacho osachiona.

Mwana wa achemwali uja sanali pa malipiro a pamwezi. Ankadzuka m'bandakucha, n'kukakhala pansi pa mtengo ndi anzake kudikira galimoto. Wosewera akabwera, wapeza ya ufa. Akapanda kubwera, wabwerera chimanjamanja, ndipo palibe amene wamuchotsa ntchito poti sanalembedwe n'komwe. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, galimoto zinayamba kubwera Loweruka lokha, anyamata makumi awiri kulimbirana zikwama zisanu. Ena mwa osewera anagula tingolo tokoka okha. Pano ali kuno, amapalasa bwato la eni, ndipo akagwira mlamba amayamba wachotsa gawo la mwini ukonde.

Akuti kumapeto kwa chaka mamembala amakhala pansi, msungichuma n'kuwerenga zolowa ndi zotuluka: dizilo mwakuti, feteleza mwakuti, mamembala osiya mwakuti. Inu amene munakhalapo pamsonkhano wotero, anyamata a pansi pa mtengo aja amawawerenga pa tsamba liti?