Malangizo kwa bwana amene galimoto yake "siimwa mafuta"

Zabwino zonse, bwana, pogula chimphona. Chatsika m'sitima ku Dar es Salaam, chadutsa pa Songwe, msonkho mwalipira, ndipo tsopano chaima pabwalo, agalu akuchiuwa poyesa nyumba yatsopano. Chatsala n'kuphunzira kuyankha funso limene mudzakumana nalo pamaliro, paukwati ndi kutchalitchi komwe: "Koma imeneyi mafuta ake mumakwanitsa?" Ine ndagona m'mizere yambiri ya mafuta kumbuyo kwa magalimoto otere ndi ka Passo kanga, choncho sukulu yake ndinamaliza.

Choyamba, musawerengere. Mwini V8 weniweni sadziwa kuti lita imodzi imamufikitsa pati, ndipo tsiku lomwe adzadziwe tulo tidzamuthawa. Wina akafunsa, gwedezani makiyi n'kunena kuti, "Aaa, iyi ndi ya dizilo, imangonunkhiza." Akakupanikizani, tchulani nambala ya m'kabuku. Land Cruiser 200 ya dizilo, ya injini ya malita 4.5, ku Australia anailembera malita 9.5 pa makilomita 100, kutanthauza makilomita 10 ndi theka pa lita. Nambala imeneyi muiloweze pamtima ngati vesi la ku Sande sukulu, koma musaulule kumene inabadwira. Galimoto amaiyesera m'nyumba, matayala akuzungulira pa zitsulo zogudubuzika, kopanda phiri, kopanda dzenje, kopanda mbuzi yodumpha msewu, kopandanso apongozi ndi matumba awo anayi a chimanga. Muyeso wakale wa ku Ulaya wotchedwa NEDC, womwe a ku Australia anatengerako, unkatha mphindi 20, mtunda wa makilomita 11, pa liwiro lapakati la makilomita 34 pa ola, eyakoni ili chizimire. Eni akewo ataona kuti nambala zikutalikirana kwambiri ndi za pamsewu, anayamba kuusiya mu 2017 n'kutenga wina wotchedwa WLTP. Inu musausiye, ndi mboni yokhayo imene ili mbali yanu.

Eni magalimotowa amene amanena zoona, omwe ndi osowa ngati mvula ya mu Ogasiti, amavomera malita 12 kapena 13 paulendo wautali, ndipo m'tauni zimaposa apo. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita 310 kapena kuposerapo pang'ono. Kabuku kakuti malita 30, pampu ikuti 40. Malita 10 osowawo muziti wakuberani ndi mnyamata wothira mafuta. Iye sangakuyankheni, amaopa galimoto.

Thankinso ndi bwenzi lanu. Ma Land Cruiser 200 ambiri ali ndi mathanki awiri, ya malita 93 ndi ina ya 45, pamodzi 138. Geji ya thanki yotere imatsika mwaulemu, ngati gulupu akuchoka pamsonkhano, ndiye mukhoza kuloza n'kuuza anzanu kuti, "Onani, chichokere ku Dedza sinasunthe." M'nkhokwe yaikulu mbewa zimadya mwezi wathunthu mwini asanazindikire. Pothira musatchule malita, tchulani ndalama, mokweza mawu, zenera lili pansi.

Tsopano ivekeni galimotoyo, pakuti chimphona sichiyenda chamaliseche. Gulani matayala a m'matope, aja olira ngati chigayo pa tala. Kutsogolo mangani chitsulo chogundira njati, ngakhale njati zili ku Liwonde ndipo inu mumakhala ku Area 43. Pamwamba ikani kaliyala, fosholo, zigubu ziwiri zopanda kanthu ndi magetsi okwanira kuwalitsa bwalo la mpira. Chilichonse mwa izi chimawonjezera kulemera kapena kukwapulana ndi mphepo, ndipo injini imalipiritsa zonse mu dizilo. Mukatero nyamukani ulendo woopsa umene munaigulira: kukatula mwana kusukulu. Matani awiri ndi theka achitsulo kunyamula kamwana ka makilogalamu 20 ndi botolo la sobo. Pobwerera mudzere ku Gateway Mall, muime modutsa mzere kuti mudye malo a anthu awiri. Madzi akuya kwambiri amene galimotoyo idzawolokepo ndi a pamalo otsukira magalimoto.

Pa M1 musatsike pa 140. Galimoto yanu inaumbidwa ngati kabati ya zovala, ndipo mphepo imene imaikankha imakula mofulumira kuposa liwiro: mukachoka pa 100 kufika pa 140, mphamvu yake imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mukafika pa Lizulu pondani buleki mwamphamvu chifukwa cha amayi a mbatata ndi kabichi, kenako pondaninso moto. Ine ndi ka Passo kanga tidzakupezani pa Chingeni, mukudikira chenji.

Injini musamaizime. Mukalowa ku banki, kumsonkhano kapena kumapemphero, musiye dalaivala m'kati, eyakoni ikupuma, kuti mpando usatenthe. Injini yaikulu ikamangolira pamalo amodzi imatha lita kapena kuposerapo pa ola, mtunda woyenda palibe. Zina zija amanena amakaniko, zoti matayala ochepa mpweya amamwetsa mafuta, zoti sefa ya mpweya imatsekeka ndi fumbi la mu Okutobala, zoti timaulendo tifupitifupi injini isanatenthe timadya kwambiri, musavutike nazo, n'za anthu a ma Vitz.

Apa nthabwala zindithere kaye. Land Cruiser ya ambulansi yopita ku Nthalire mvula ili mkati, mayi wodwala ali kumbuyo, imwe mmene ingathere, palibe angadandaule, ntchito yake ndi imeneyo. Koma mafuta athu amabwera kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo timawagula ndi madola amene dziko lilibe. Lita iliyonse yotenthedwa poziziritsa mpando wopanda munthu ndi dola imene inakasakidwa movutikira. Anzanu a petulo ndiwo amandipweteka pamtima penipeni, chifukwa timamwera pampu imodzi. Tsiku lina ndinafika pamzere mbandakucha, ndinayandikira pampu dzuwa litapendeka, ndipo chimphona chomwe chinali patsogolo panga, chomwe sindinachione m'mawa, chinamwa mafuta okwanira ma Passo atatu. Mnyamata anapachika paipi n'kundiuza kuti, "Atha, bambo." Bwanayo anandikwezera dzanja mwachikondi pochoka.

A petulowo ngakhale kabuku kanalephera kuwabisira. Nissan Patrol ya V8 ya malita 5.6 anailembera malita 14.4 pa makilomita 100, m'nyumba momwe muja mopanda phiri. Ngati yanu ndi yotere, kapena Lexus LX 570, musatchule nambala iliyonse, ingosinthani nkhani muyambe za mpira. Ndipo ngati mwagula Land Cruiser 300, yomwe inatuluka mu 2021 ndi injini ya V6, muzingoitchulabe V8. Kumudzi V6 saidziwa, angayese mwatsika udindo.

Njira yotsimikizika yochepetsera mafuta ndi imodzi: alipire wina. Galimoto yoyendera khadi la ku ofesi siimwa ngakhale dontho, funsani aliyense amene ali nayo. Imayamba kumwa mwezi umene mwini wapuma pantchito, ndiye mumaiona itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pansi pake.

Chimene simuyenera kuchita, zivute zitani, ndi ichi. Musadzaze thanki mpaka pampu itadula yokha, n'kubweza kawerengero ka makilomita pa ziro, n'kuyenda masiku angapo monga mwa nthawi zonse, n'kudzazanso, n'kugawa makilomita mwayendawo ndi malita mwathirawo. Masamu ake ndi a Sitandade 5 ndipo sanama. Mukalephera kudziletsa, muwerengere kubafa, mayi a kunyumba asaone, chifukwa iwo akukumbukirabe kuti munakana kugula firiji ponena kuti imadya magetsi.