Musadyedwe Mwachisawawa: Kasankhidwe ka Gemu ya Pafoni

Mpunga ukachoka m'munda ku Nkhate, mavenda n'kusiya kangachepe m'matumba mwa alimi, funso lovuta pa Livunzu ndi pa Mapelera silikhala la feteleza ayi. Limakhala lakuti: mwa magemu onsewa, ozunguza zipatso ndi mabelu pafoni, woyenera kumupatsa ndalama zanga ndi uti? Funso la nzeru, achimwene. Munthu wamkulu amayamba wafufuza asanadyedwe.

Yambani ndi nambala imene eni gemu amailemba m'timalemba ting'onoting'ono, ya RTP. Magemu ambiri ozunguza amalemba 96 peresenti kapena pafupi pamenepo. Kandege, kamene kampani ya Spribe inakatulutsa mu 2019 ndi dzina loti Aviator, kamalemba 97. Ndiye kuti pa gemu ya 96, pa K100 iliyonse imene anthu aponyamo, K96 imabwerera kwa osewera, K4 n'kutsala kwa eni ake. Zili ngati mlamu amene mukamubwereka mbale 100 za mpunga amabweza 96, inu n'kumubwerekanso zomwezo pomwepo, iye n'kubweza zoperewera, mpaka dzuwa kulowa. Mlamu wolemba yekha kuchuluka kwa zimene adzakudyereni ndi wosowa masiku ano. Mugwiritseni.

Musadandaule K96 yanuyo ikapanda kuoneka. Nambalayi amaiwerengera pa maulendo mamiliyoni, a anthu a m'mayiko ambiri. Gawo lanu likhoza kugwera mnyamata wa ku Lagos kapena ku São Paulo. Mwathandiza mwana wa mnzanu.

Kenako yesani liwiro. Gemu yabwino sichedwetsa munthu. Mukamaponya K200 pa masekondi 6 aliwonse, pa ola limodzi mwazunguza ka 600, ndipo ndalama imene yadutsa m'makinamo ndi K120,000, ngakhale munalowa ndi K10,000 yokha, chifukwa zimene mwawina mumaziponyanso. Chotsani 4 peresenti: K4,800 pa ola, osawerengera bandulo. Ngati mukuona kuti n'zochedwa, magemu ambiri ali ndi batani loti azizungulira okha. Likanikizeni, ikani foni pamthunzi, pitirizani kupalira kudimba. Muzidyedwa uku mukugwira ntchito.

Pamene pamafunika maso akuthwa ndi pa nyimbo. Mwaponya K200, gemu yabweza K80, foni n'kuimba, ndalama zagolide n'kumagwa pagalasi ngati kuli ukwati. Anthu a masamu adzakuuzani kuti mwaluza K120. Asiyeni, alibe khutu la nyimbo. Gemu yoyenera ndi imene imakuvinitsani mukuluza, komanso imene imakonda kuimika zipatso ziwiri zofanana, chachitatu n'kuphonya mzere ndi kachala kokha. Apo nenani mokweza kuti, "Ndangotsala pang'ono!" Zoona zake n'zakuti kompyuta imasankha zotsatira mukangokaniza batani, kuzungulira konseko ndi sewero chabe. Koma sewero nalonso amalipira.

Mzungu wina wa ku Harvard, B.F. Skinner, anayesa zimenezi pa nkhunda. Anapeza kuti nkhunda yopatsidwa chakudya mosadziwika nthawi imajompha kabatani mosalekeza, kuposa imene imadziwa kuti chakudya chibwera liti. Nkhunda zake zinalibe ana a sukulu, n'chifukwa chake kafukufukuyo sanamve madandaulo.

Mukadyedwa kuyambira Lolemba, pamsika adzakulangizani kuti makinawo akhuta, atsala pang'ono kusanza. Ndi chikhulupiriro chabwino, chimalimbitsa mtima. Vuto n'lakuti kompyuta ilibe mimba ndipo siikumbukira nkhope. Ulendo wa 500 ndi wofanana ndi woyamba. Komabe ngati mwatsimikiza kubweza zanu, pa kandege pali njira yotchuka: mukaluza, wirikizani kawiri. Yambani ndi K200, kenako K400, K800, K1,600. Pofika ulendo wa 10 mukuponya K102,400, zonse pamodzi zakwana K204,600. Kandege kakafika pochulukitsa ndalama kawiri kasanagwe, phindu lanu ndi K200 yathunthu. Njinga ya kabaza munagulitsa ija inapita pa chifukwa chomveka.

Bonasi musaikane. Kungoti kawirikawiri salola kuitapa musanaiponye maulendo ambiri, nthawi zina ka 30. Pofika pamenepo mlamu uja wamaliza ntchito yake.

Pa WhatsApp ndi pa Facebook mudzapeza akatswiri ogulitsa chinsinsi cha nthawi imene kandege kagwere. Munthu amene angathe kukhala miliyoneya lero masana, koma wasankha kudikira K5,000 yanu, ndi wodzichepetsa. Mutumizireni msanga.

Za layisensi zokha ndinena mosaseka kwambiri. Lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la MAGLA loyang'anira juga ndi malotale m'dziko muno, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Kampani yovomerezeka imakudyani motsata lamulo, ndipo mukawina muli ndi kokadandaula ikakana kulipira. Yosavomerezeka imadya zonse ziwiri, zoluza ndi zowina, n'kusintha dzina. Sankhani yoyambayo, mudyedwe mwaulemu.

Tiyamikenso kudalirika kwa malondawa. Msewu wochokera pa Thabwa kupita ku Fatima ukaduka, monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, galimoto zimaima tsidya lina la mtsinje. Koma netiweki ikangobwerera, gemu yafika kale, ndipo Airtel Money kapena Mpamba imawolotsa ndalama yanu osanyowa ndi dontho lomwe.

Chatsala ndi tsiku la banki m'khonde. Amayi osunga bokosi akafunsa za ngongole munatenga yoti mugulire mbewu ija, musachite manyazi. Imani bwinobwino, vulani chipewa, muwauze kuti 96 peresenti yake ili m'njira, yangodzera kaye ku Lagos.