Kalulu, Fisi ndi Kalata ya Chuma cha Malemu

Padangokhala.

Tili tonse.

Padali Fisi wina amene adasiya kuthyola makola usiku. Adaona kuti kukhola kuli agalu ndi zibonga, pomwe kompyuta siiluma. Choncho m'mawa uliwonse ankalowa m'kanyumba kolipiritsa intaneti mumzinda wa Lagos, pakati pa anzake otchedwa Yahoo boys, n'kumamwaza maimelo zikwizikwi ngati wofesa mawere.

Kalata yake inkati: "Wokondedwa mwa Ambuye, ine ndine mkazi wamasiye wa Jenerale Sani Abacha, amene adatisiya mu 1998. Malemu adabisa madola mamiliyoni ambiri. Ndibwerekeni akaunti yanu ya kubanki, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu ndi lanu. Mungotumiza kangachepe ka loya." Kuba kotere amakutcha 419, nambala ya ndime ya malamulo a Nigeria yoletsa kudya za mnzako pomunamiza. Fisi ankalakalaka kufika pomwe adafika Emmanuel Nwude, amene adagulitsa bwalo la ndege losakhalako kwa mkulu wa banki ya ku Brazil, madola 242 miliyoni n'kupita.

Kalatayo idagwera Mbawala, mayi wa ana atatu, kudambo lina lakutali. Adatumiza za loya pa Western Union. Padabwera za msonkho, adatumiza. Padabwera za chiphaso chotsimikiza kuti ndalamazo si za zigawenga, adagulitsa chimanga chonse cha m'nkhokwe. Atanena kuti watsala manja lende, imelo idati zii. Ku Lagos, Fisi ankamutchula kuti mugu, ndiye kuti chitsiru.

Kalulu atapeza ana a Mbawala akunyambita mphika wouma, mtima udamuwawa. Adapita kwa Kamba.

"Agogo, wakuba amene sitikumuona tingamugwire bwanji?"

"Mdzukulu wanga, nsomba suithamangitsa m'madzi. Umafunsa chomwe imadya."

Usiku womwewo Kalulu adatsegula imelo yatsopano, nadzitcha M'busa Njovu wa Mpingo wa Nsomba Yopatulika. Adalembera Fisi kuti: "Mayi, chuma cha malemu sitikuchifuna. Mpingo wathu uli ndi madola 80,000 othandizira amasiye, koma timapatsa mamembala okha."

Fisi dovu lidachita kutsika. Adayankha kuti mayiwo akudwala, koma mwana wawo ndi wokonzeka kulowa mpingo lero lomwe.

Kalulu adatumiza fomu ya masamba 40, yoti alembe pamanja. Fisi adalemba usiku wonse pa nyali ya parafini. Kalulu adati inki yakuda ndi ya achikunja, alembenso ndi yobiriwira. Adalembanso. Kenako padafunika chithunzi cha ubatizo: Fisi adagwada panja dzuwa lili pamutu, atasenza nsomba yaiwisi, madzi ake akuchuchira m'maso, ntchentche zili ng'waa, m'manja atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti INE NDINE MUGU WA AMBUYE. Pambuyo pake adalandira nambala yokatengera ndalama, koma inali yoperewera. Katatu konse adaima pamzere, katatu konse kalaliki adamubweza, anthu akumuyang'ana.

"Pepani m'bale," adatero M'busa Njovu. "Msungichuma wathu ali ndi chikwama cha ndalama ku Abéché, m'dziko la Chad. Mukatenge nokha."

Fisi adakongola ndalama ya ulendo. Adadutsa Maiduguri, adaoloka malire, adafika N'Djamena, n'kukwera pamwamba pa lole mpaka Abéché, makilomita oposa 2,000 kuchokera kwawo. Adafunsa msungichuma khomo ndi khomo, koma palibe amene adamvapo za mpingo wa nsomba. Pobwerera adayenda wapansi masiku ambiri, msana n'kupindika. N'chifukwa chake mpaka lero fisi amayenda mbuyo ili pansi.

Kamba adayamikira. "Wachita bwino, mdzukulu. Miyezi itatu imeneyi Fisi sadalembere aliyense. Tsiku lililonse lomwe wamudyera, wamasiye wina wagona ndi ndalama zake. Tsopano tenga manambala a akaunti omwe adakupatsa pa fomu ija, ukawapereke kubanki ndi kupolisi kuti awatseke."

"Mawa, agogo," adatero Kalulu. "Lero ndili ndi ntchito."

Ntchito yake inali kukhoma chithunzi cha Fisi pamlambe wa pabwalo. Nyama zidaseka mpaka kugwira nthiti. Nyani adagubuduka m'fumbi. Zina zidajambula chithunzicho pa foni n'kutumizira abale kutali. Kalulu ataona kuti mbiri ikupita kwa M'busa Njovu, adatenga khala n'kulemba m'munsi mwake: ADAMUGWIRA NDI KALULU. Adaonjezanso imelo yake yeniyeni, kuti oyamikira asavutike kumupeza.

Mbawala yekha sadaseke. Adayang'ana chithunzicho kanthawi, nati: "Achimwene, nanenso ankandiseka chomwechi kumeneko." Adabwerera kwawo, nkhokwe ili gwaa.

Mawa lija silidafike. Kalulu ankangokhalira pabwalo, akufotokoza nkhani ya nsomba, ndipo ulendo uliwonse nsombayo inkakula.

Patapita sabata ziwiri, adalandira imelo yokhala ndi chidindo cha EFCC, bungwe la Nigeria lolimbana ndi milandu ya zachuma lomwe lidakhazikitsidwa mu 2003. Siinatchule mamiliyoni, siinatchule malemu. Idati: "Olemekezeka a Kalulu, mbiri ya nzeru zanu yafika kuno. Takusankhani kukhala katswiri woposa onse pogwira akuba a pa intaneti. Mendulo yanu yagolide yalembedwa kale dzina. Mungotumiza madola 200 olipirira ndege, ndipo musauze aliyense kufikira tsiku la mwambo."

Kalulu adaiwerenga kasanu. Mawu oti "woposa onse" adawawerenga kakhumi. Adaganiza zokafunsa Kamba, koma adati mumtima: nkhalamba ija ingachite nsanje. Adagulitsa mtedza wake wonse, n'kukaima pamzere womwe adaimapo Mbawala.

Madzulo a tsikulo, ku Lagos, Fisi adasaina risiti, nawerenga ndalama kawiri. Adapita kumsika, adagula nsomba yaikulu. Ulendo uno sadaisenze pamutu.

Kalulu adayamba kudikira mendulo m'mbali mwa msewu. Galimoto ikamveka patali, makutu ali njo. Ndege ikadutsa, makutu ali njo. Adawakoka motero mwezi wathunthu, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero makutu a kalulu ndi aatali.

Tsiku lina Kamba adamupeza pomwepo, nakhala pambali pake. Sadamuseke.

"Agogo, ine sindidafune chuma cha munthu. Adandigwira bwanji?"

"Nayenso adafunsa chomwe umadya," adatero Kamba. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dzuka, manambala aja ukadali nawo. Tidzere kwa Mbawala, tipite atatu. Kupolisi akufuna mboni, ndipo tsopano zilipo ziwiri."

Kaphuleni mbatata.

Yapserera.