Mwambo wodzutsa chimbale chomwe chidakwiriridwa kale

Kudzutsa chimbale ndi mwambo wa m'matauni a ku England, makamaka ku Birmingham, kwawo kwa nyimbo zaphokoso za heavy metal. Wotsogolera mwambowu kawirikawiri amakhala bambo waimvi, wovala jekete lachikopa lomwe lidaleka kalekale kutsekeka pamimba. Iye amadikira mowa wachitatu, n'kulengeza kwa anzake m'bala kuti chimbale chomwe dziko lonse lidachinyoza ndicho chimbale chenicheni. Chomwe chimadzutsidwa kawirikawiri ndi Born Again, chomwe gulu la Black Sabbath lidatulutsa mu 1983.

Chimbalechi chidabadwa gululi lili pa umasiye. Woyimba wawo Ozzy Osbourne adachotsedwa mu 1979, ndipo Ronnie James Dio, yemwe adalowa m'malo mwake, adachoka mu 1982. Tony Iommi ndi Geezer Butler, mamembala a gululi, adakakhala pamowa ndi Ian Gillan, yemwe kale ankayimba m'gulu la Deep Purple. Malinga ndi Gillan mwiniwake, adadzuka m'mawa mwake osakumbukira kanthu, ndipo zoti wavomera ntchito yoyimba mu Black Sabbath adazimvera kwa manijala wake pafoni. Nyimbo adakajambulira ku The Manor, nyumba ya ku Oxfordshire yomwe panthawiyo idali ya wamalonda Richard Branson. Ya "Trashed" imakamba za usiku womwe Gillan adagubuduza galimoto ya Bill Ward, woyimba ng'oma, pomwe ya "Disturbing the Priest" idachokera pa dandaulo la m'busa wa tchalitchi chapafupi yemwe phokoso lidamukwana.

Milandu yomwe chimbalechi chidazengedwa nayo ndi itatu. Woyamba ndi kamvekedwe: besi idameza zida zina zonse, moti nyimbo zimamveka ngati wailesi yomwe yagwera mumgolo. Wachiwiri ndi chikuto, pomwe pali khanda lofiira psuu, lanyanga, mano akuthwa ndi zikhadabo zachikasu. Gillan adanena poyera kuti atachiona adasanza. Wachitatu ndi ulendo wokayimba m'mizinda. Gululi lidalamula kuti alipangire miyala yofanizira miyala yamakedzana ya ku Stonehenge yokongoletsera nsanja, koma miyeso ya mafiti idawerengedwa ngati mamita, ndipo zimiyalazo zidakanika kulowa m'maholo ambiri. Gillan naye, posaloweza mawu a nyimbo zakale za gululi, ankayala kope pansi, utsi wa pansanja n'kulibisa. Ngakhale zidali choncho, chimbalechi chidafika pa nambala 4 ku Britain. Mu 1984 Gillan adabwerera ku Deep Purple.

Mwambo wodzutsa umayamba ndi kugula. Chimbale chiyenera kukhala cha pulasitiki yakuda, chogulidwa pa kaunjika wa zimbale, chikuto chili chothetheka m'makona. Kumvera pafoni sikuwerengedwa. Wogulayo amachinyamula m'khwapa, khanda lanyanga litayang'ana kunja, kuti okwera nawo basi adziwe kuti ali ndi katswiri pakati pawo.

Kenako pamabwera ulaliki, womwe lamulo lake ndi limodzi: chilema chilichonse chisanduke ulemerero. Kamvekedwe koipa kamatchedwa mdima wadala. Chikuto chonyansa chimatchedwa kulimba mtima. Miyala yosalowa pakhomo imakhala umboni woti gululi linkaganiza zazikulu kuposa omanga maholo. Apa mlaliki amakhala ndi pogwira penipeni, chifukwa gitala ya Iommi mu "Zero the Hero" ndi yolemera zedi, ndipo kukuwa kwa Gillan kumaimitsa tsitsi. Vuto ndi loti amazifotokoza kwa maola awiri, pomwe chimbale chonse sichikwana ola limodzi.

Omvera nawo ali ndi malamulo awo. Ayenera kugwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali otsinzina. Wonena kuti amakonda Paranoid, chimbale chotchuka cha mu 1970, amayang'anidwa mwachisoni monga mwana wongoyamba kumene sukulu, ndipo ndiye amagula mowa wotsatira. Wovomereza msanga amakayikiridwa. Wonena kuti iye adachikonda kuyambira mu 1983 ndiye mdani weniweni, popeza wabera mlaliki ulemu wake. Awiriwo amafunsana mayina a nyimbo za kuseri kwa chimbale mpaka mwini bala atazimitsa magetsi. Akazi a alalikiwa salowerera mkanganowu. Iwo ndi okhawo omwe amadziwa kuti kunyumba chimbalecho chimayimbidwa kamodzi pachaka, ndipo sichifika kumapeto.

Mwambowu umatha anthu akachuluka. Born Again idatulutsidwanso mu 2011, magazini a nyimbo adayamba kuiyamikira, ndipo achinyamata adavala malaya a khanda lofiira lija. Kwa mlaliki imeneyi idali imfa yachiwiri ya chimbalecho, chifukwa chimamukomera pokhapokha ena akuchinyoza. Adasamukira ku Forbidden cha mu 1995, chomwe ngakhale eni ake sankachitchula mokweza. Koma mu 2024 Iommi adachikonzanso kamvekedwe n'kuchitulutsa m'bokosi la Anno Domini 1989–1995, anthu n'kuyamba kuchiyamikira nachonso. Black Sabbath idajambula zimbale 19 zokha mu situdiyo, ndipo zonyozeka zikutha. Alaliki ena ayamba kale kunena kuti Paranoid ndi chimbale chomwe anthu sadachimvetse bwino.