Kodi mtsinje nawo umadwala malungo?

Ndithandizeni, inu amene munapita patali ndi sukulu. Anthu oyeza madzi akafika pamtsinje amayamba kuviika kachipangizo koyezera kutentha, n'kulemba m'buku. Kuchipatala cha pa Boma kapena ku Embangweni amatero kwa munthu amene thupi lamutentha. Nanga mtsinje wa Mzimba ukudwala chiyani?

Akuti madzi akafunda, mpweya umene nsomba zimapuma umachepa, ndipo tizilombo ta kolera timaswana msanga. Chabwino. Ndiye kuti madzi ozizira a mu June, otsetsereka kuchokera ku Viphya, tingamwe osawiritsa? Akuti ayi, m'madzi ozizira tizilombo tochokera m'chimbudzi timakhalitsa osafa. Ofunda n'ngoipa, ozizira n'ngoipanso. Abwino ndi ati tsono? Ndipo wodula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kuti aotche makala, poti wachotsa mthunzi, tinene kuti watenthetsa madzi ndi nkhwangwa?

Chimene chimandizunguza mutu kwambiri ndi kabotolo. Mtsinje wonsewo, iwo amayeza mamililita 100 okha, osadzaza n'kapu yomwe. Kabotoloko amakaika m'bokosi la ayezi n'kuthamanga nako kuti kakafike kulabu pasanathe maola 6. Kumeneko amasefa madziwo, zotsalira pa sefa n'kuzipatsa chakudya, n'kuzifunditsa pa madigiri 44 usiku wonse, mawa lake n'kuwerenga timadontho timene tamera. Ife tikufuna tizilomboto tife, iwo akutidyetsa. Akuti kamodzi sikaoneka ndi maso, mpaka kaswane. Apo ndamva. Koma mai amene anatunga tsiku lomwelo anadikira kuti mawa lifike? Phala la mwana linaphikidwa kale, otsala anamwa.

Ndiye amati amafunafuna E. coli. Ndinkayesa ndiye wakupha uja, koma akuti mitundu yambiri ya kachilomboka imangokhala m'matumbo mwa anthu ndi ziweto osavuta munthu. Kakapezeka m'madzi kamangoulula kuti chimbudzi chalowamo. Cha ndani? Kuyeza kwa masiku onseku sikusiyanitsa cha munthu ndi ndowe. Kuno kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kumene ng'ombe zimamwera pamene ife timachapira, tikalipire ndani, mbusa kapena wopanda chimbudzi?

Mtsinje wa Mzimba umakathira mu South Rukuru. Iyeyo amadutsa pa nyanja ya Kazuni ku Vwaza, n'kupyola Rumphi mpaka kukalowa m'nyanja ya Malawi cha ku Chiweta. Kodi ndowe yakwathu imakafika kwa asodzi? Akuti dzuwa limapha tizilombo tambiri m'njira, koma mudzi uliwonse umaonjezamo take. Nanga woyeza mu October, mtsinje utaphwa, ndi woyeza mvula yoyamba itakokolola zonse za m'tchire, wanena zoona ndani? Onse, akutero. Ine apa ndimangoti kukamwa yasa.

Palinso ichi. A World Health Organization amati madzi akumwa asapezeke ndi E. coli ngakhale mmodzi pa mamililita 100, ndipo madzi a pampopi, ngati a Northern Region Water Board, amayenera kutero. Koma muyezo wa Malawi Bureau of Standards wa mijigo ndi zitsime, MS 733, umalola tizilombo ta m'chimbudzi kufika 50. Kodi mimba ya ku Luwerezi kapena ku Mabulabo ndi yolimba kuposa ya pa Boma? Mwina anaona kuti akati ziro, zitsime zambiri zitsekedwa, anthu n'kubwerera kumtsinje. Ngati ndi choncho, bwanji osangotiuza?

Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo alangizi a zaumoyo ankagawa klorini, tonse tinkathira m'ndowa. Mliri utazilala ambiri tinasiya, poti madzi amaoneka oyera. Ngati maso sangaone, lilime silingalawe, ndipo chodziwa ndi kabotolo kokha, ine wofuna kumva zotsatira za potungira pathu ndikagogode chitseko chiti, nanga adzandiuza m'chilankhulo chanji?