Nyumba Yomvera Foni ya kwa Magodi

Munthu woyamba kugwidwa ndi matenda a chitetezo kuno kwathu anali mzungu. Errol Button, DC wa Lundazi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anafunika kumanga nyumba yogona alendo, iye n'kumanga linga la njerwa lokhala ndi nsanja zoonera adani. Adaniwo mpaka lero sanafike. Amene amafika ndi a misonkhano ya maalawansi ndi akwati odzajambulitsa, poti lingalo ndi hotela. Koma matenda aja sanachoke ndi atsamunda. Akwera msewu wa ku Chama, adutsa m'minda ya soya, ndipo afika kwa Magodi, dera limene kuyambira 2018 mapepala amati lili m'boma la Chasefu, ngakhale munthu akati “ndapita ku boma” aliyense amadziwa kuti akunena Lundazi.

Wodwala wathu ndi mphunzitsi wopuma pantchito wa chakufupi ndi Emusa, amene anthu anangomutcha a Rimoti. Mwana wawo ali ku Johannesburg, ndipo mwana wa ku Joni akafuna kupepesa kuti sanabwere pa Khirisimasi amatumiza katoni. M'katoni imeneyi munalibe bulangete kapena shuga. Munali makamera awiri, belu la pageti lokhala ndi diso ndi pakamwa pomwe, mababu omvera foni, nyale yoyaka yokha ikaona chinthu chikuyenda, loko wa geti wotsegulira pa foni, ndi kachitini kolankhula kotchedwa Alexa. Uthenga unabwera pa WhatsApp: “Adada, nyumba ikhale yamakono. Ndizikuonani ndili konkuno.” Mdala anamva chiganizo choyamba chokha.

Tisamunamizire mwanayu, nkhawa yake inali yoona. Nyengo yokolola, chipinda chochezera cha mlimi wa kuno chimasanduka nkhokwe: matumba a soya ndi mtedza mpaka kudenga, mipando kunja. Akagulitsa, ndalama zimagona pansi pa pilo. Ng'ombe zimatuluka m'khola usiku popanda kutsanzika, polisi ili kutali, ndipo malire ali pafupi. Nyale yoyaka yokha panjira ya kuchimbudzi ingapulumutse chidendene cha nkhalamba ku mphiri. Zonsezi n'zabwino, ndipo ine ndemwe ndingazilandire ndi manja awiri atandipatsa wina.

Kungoti makomo a kuno sanayambe lero kudziyendetsa okha. Khomo lililonse lili kale ndi makina omvera mawu, ndipo dzina lake ndi Iwe. “Iwe, tsekera nkhuku.” “Iwe, tenga mpando, kwabwera alendo.” “Iwe, kwera padenga utembenuze mlongoti, mpira sukuoneka.” Iwe safuna bandulo. Amayendera mbatata ndi chimanga chokazinga, amamva Chitumbuka, Chinyanja ndi tsinya lomwe, ndipo akawonongeka mumangoitana mng'ono wake. Pa za kulondera pali nkhanga, zimene zimalalatira ngakhale mthunzi wa khwangwala. Ndiye pali agogo a nyumba yoyandikana nayo, amene amakhala pakhonde kusenda mtedza kuyambira m'mawa, maso akuti ndi akufa, koma madzulo angakuuzeni amene analowa kwanu, malaya amene anavala, chimene ananyamula potuluka, ndi chimene agogo ake a munthuyo anaba m'nthawi ya Kaunda. Palibe kampani imene yapanga kamera yodziwa mbiri ya banja la wakuba.

Woyamba kuchotsedwa ntchito anali Alexa. Amazon anamutulutsa mu 2014 ndipo amamva zinenero zingapo, koma Chitumbuka ndi Chinyanja mulibe, choncho m'nyumba monse wolankhula naye anali a Rimoti okha, m'Chingerezi cha kusukulu, mawu atawafewetsa. Amayi a panyumba anapirira mpaka usiku umene anamva amuna awo akunong'ona dzina la mkazi mumdima, mkaziyo n'kuyankha mwaulemu.

“Inu adada, ameneyu ndi mwana wa kwa yani?”

“Ndi makina, amama.”

“Makina amene mumawauza kuti zikomo? Ine ndaphika muno zaka zonsezi, zikomo ndinamumvapo liti?”

M'mawa mwake Alexa anali m'chipinda cha feteleza, atavindikiridwa ndi lichero.

Belu la pageti ndilo linafikitsa nkhani kwa nduna. Kuno mlendo saimirira panja n'kudikira kufunsidwa dzina. Amati odi ali kale pabwalo, mwana amathamangira katundu wake, mpando umabwera, madzi amabwera, moni amayamba atakhala pansi, ndipo chimene wabwerera chimanenedwa nsima itadyedwa. Tsiku lina kunabwera apongozi aamuna, nkhalamba ya ndodo, atakwera njinga yamoto kuchokera ku Egichikeni, fumbi mpaka m'nsidze. Anapeza geti lotseka. Anati odi. Mnyamata wa njinga anawasonyeza kabatani, iwo n'kukadina ndi nsonga ya ndodo. Pamenepo chipilala cha geti chinatsokomola n'kufunsa kuti, “Ndani?”

Ndani! Kwa munthu amene analandira ng'ombe za lobola! Choipitsitsa n'chakuti kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka nyimbo ndi kugundana kwa mabotolo, chifukwa mkamwiniyo ankayankha ali pa bala, akuonetsa anzake mmene munthu wamakono amalandirira alendo. Atazindikira chipewa chimene chinali pa foni, anthu amene analipo akuti a Rimoti anagwada pansi pomwepo m'balamo, n'kuyamba kuomba m'manja molunjika foni. Apongozi sanaone zimenezo. Iwo anaona chipilala.

Pabwalo la milandu, nduna inafunsa mafunso ochepa.

“Amene anafunsa kuti ndani, ndinu kapena chipilala?”

“Ndine, wawa, koma kudzera m'chipilala.”

“Nanga amene anagwada?”

“Ndine, wawa.”

“Chipilala chinagwada?”

Mlandu unathera pa mbuzi.

Makamera ndiwo anagwira ntchito yawo mokhulupirika, ndipo vuto linali lomwelo. Sabata yoyamba foni ya mwana ku Joni sinagone: chinthu chayenda pabwalo. Akatsegula, nkhuku. Chinthu chayenda pabwalo: mbuzi ikudya sopo. Nyale yoyaka yokha inayaka pakati pa usiku popanda munthu, ndipo pofika kumjigo m'mawa nkhani inali itakula kuti kwa aphunzitsi kumatera ndege za usiku, mpaka anazindikira kuti ndi mphaka wa eni ake. Wakuba weniweni anagwidwa mwezi wa June, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Anaoneka akutuluka m'nyumba chakumbuyo, ndowa ya soya paphewa, n'kuipereka pamwamba pa mpanda kwa mmodzi wa ogula a sikelo za m'manja aja amene amayendayenda m'midzi bungwe la boma logula mbewu la FRA lisanatsegule misika. Anavala jekete la a Rimoti. Anayenda motsimphina mwa a Rimoti. Podutsa pansi pa kamera anayang'ana m'mwamba n'kuika chala pakamwa, poganiza kuti makinawo, poti anawakhoma okha, adzawasungira chinsinsi. Dzuwa lisanatuluke kanemayo anali pa gulu la banja la pa WhatsApp, azakhali a ku Kitwe atathirapo kale ndemanga.

Kwa azungu nkhani yotere imafika kukhoti. Mu 2023 kampani ya Ring, imene Amazon anagula mu 2018, inavomera kulipira madola 5.8 miliyoni ku America pa dandaulo loti antchito ake ena ankaonera makanema a m'nyumba za makasitomala. Kumeneko anthu amaopa kuonedwa ndi mlendo. Kuno mlendo angaone, adzapita. Choopsa ndi kuonedwa ndi mwana wako amene amakutumizira ndalama, chifukwa mwezi wotsatira Airtel Money imabwera itachepa ndi mtengo wa ndowa imodzi ya soya, ndiponso siidzera pa nambala yanu. Imadzera kwa amayi.

Bodza la ulemu nalonso linafa. Tonse tikudziwa kuti munthu wa kaloba akabwera kudzatenga zake, mwana amatumidwa kukanena kuti adada kulibe, wa kalobayo amayang'ana nsapato za adada zili pakhomo, amati “chabwino, uwauze ndinabwera,” ndipo aliyense amasunga nkhope yake. Ndi mwambo wabwino, wopatsa munthu masiku awiri opumira. Kwa a Rimoti mwana ananena mawu akewo bwinobwino, koma mdala, pofuna kuona ngati munthuyo wachoka, anatsegula foni ali kuseri kwa matumba n'kudina polakwika. Chipilala chinalankhula momveka mpaka kumsewu: “Amama, kodi galu ameneyu wapita?” Chiwongoladzanja chinakwera tsiku lomwelo.

Tsono tifike pa magetsi, pamene pagona nkhani yonse. Anthu a Lundazi za nyumba yoyendetsedwa ndi munthu wakutali anazidziwa kale: kwa zaka zambiri magetsi a m'tauniyi ankachokera ku ESCOM ya ku Malawi, moti waya ukaduka kutsidya, mdima unkagwa kuno, wozimitsa ali dziko lina. Mu 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 February kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, madzi anachepa ku Kariba ndipo ZESCO inayamba kugawa mdima wa maola ochuluka kuposa a kuwala. Mageti a mabwana a ku Lusaka ankakankhidwa ndi manja a alonda omwe aja anachotsedwa ntchito pobwera mota yotsegula geti. Midzi yambiri ya kwa Magodi sinadandaule nawo, chifukwa sungalandidwe chimene sunapatsidwe. Kuno ndi sola.

Ndipo sola ya ngongole ndiyo makina anzeru enieni amene analowa m'nyumba za kuno popanda phokoso. Makampani ngati Sun King ndi MySol amakupatsa sola, batire, mababu, mwina ndi TV, iwe n'kumalipira pang'onopang'ono pa foni. Ukalipira, masiku ako amawonjezeka. Ukapanda kulipira, kabokosi kake kamadzitseka kokha. Sikatuma mwana, sikamva kuti kunali maliro, sikadziwa kuti FRA sinalipire. Ubwino wake ndi woonekeratu: ana akuwerenga usiku popanda utsi wa koloboyi, foni ikutchajidwa panyumba m'malo mwa pa kantemba. Koma aliyense amene anakhalapo nako amadziwa kuti m'nyumbamo muli mwininyumba wachiwiri amene sapatsidwa moni.

Nyumba yonse ya a Rimoti inakolekedwa pa kabokosi kotere, ndi pa kachipangizo ka intaneti kamene anakamangirira m'jumbo pa nthambi ya mango, poti netiweki imagwira pamenepo pokha. Mababu ambiri otchipa a mtundu umenewu amayenda motere: mukadina pa foni, lamulo limatuluka m'nyumba, likwera mlongoti wa kampani ya mafoni, liwoloka nyanja kukafika ku makompyuta a kunja, kenaka libwerera njira yomweyo kudzauza babu limene lili pamwamba pa mutu wanu kuti lizime. Swichi ili pakhoma, mkono umodzi kuchokera pabedi, koma mwana analetsa kuigwira, akuti mukazimitsa pakhoma babu limaleka kumva foni. Ndiye usiku wina bandulo itatha, babu likuyaka, amayi akufuna kugona, mawu anamveka amene makolo athu angawazindikire: “Iwe! Thamanga ukadzutse wa pa kantemba, ugule bandulo, tizimitse magetsi.”

Tsiku la geti linafika mu February, mitambo itaphimba dzuwa masiku angapo, ngongole ya sola italumpha tsiku lake. M'bandakucha kunamveka kulira kumudzi wapafupi: nyakwawa yatisiya. Maliro a nyakwawa si ojomba. Amene sabwera amalembedwa m'mitima, ndipo tsiku lake likadzafika adzukulu amadwala msana onse pamodzi. A Rimoti anavala suti, anatenga foni, anadina. Geti lili chete. Anadinanso. Kiyi wa pangozi analipo, koma anasungidwa pamalo abwino kwambiri moti palibe anakumbuka. Anthu ankadutsa pamsewu, amayi atafunda zitenje, abambo makasu paphewa, onse akuyang'ana geti lotseka la munthu amene sanatuluke.

“Aphunzitsi, simunamve?”

“Ndamva, asibweni, koma nyumba yanditsekera.”

“Ndani wakutsekerani?”

“Nyumba.”

Asibweniwo anangogwedeza mutu n'kupitirira, ndipo mawu amenewo anakafika kusiwa mwini wake asanafike. Mpanda a Rimoti anaumanga okha, ndipo mabotolo osweka a pamwamba pake anawasankha okha. Anakwera pa mtondo, anayala thumba, anadutsa, koma thalauzi linasiya mbali ina pamwambapo. Amayi anakana kukwera. Anyamata ochokera kumanda ndiwo anadzazula getilo m'mahinjesi ndi chitsulo cha ngolo, ntchito imene inawatengera nthawi yochepa kuposa kutsegula foni, zomwe zinapatsa aliyense woonerera maganizo ena pa za chitetezo cha loko ameneyu. Kamera ya pageti, poti ili ndi batire lakelake, inasunga zonse, ndipo netiweki itabwerera inazitumiza ku Joni mosasiyako.

Mungaganize kuti anthu anatengerapo phunziro. Anatengerapo fashoni. Aona kuti chiyambire nkhani ya soya palibe mnyamata amene amayandikira mpanda wa a Rimoti, ndiponso kuti nyumba yokhala ndi diso pakhoma imaoneka ya munthu amene ali ndi mwana kunja. Kalipentala wina wa pamsika wayamba kusema makamera a mtengo wa gmelina, kuwapaka penti yoyera, kutsogolo n'kumatapo tako la botolo. Safuna sola, safuna bandulo, ndipo sauza mwana aliyense za ndowa. Akugulidwa kwambiri. Wogulitsa nyama wina anagula awiri Loweruka n'kuwakhoma pamwamba pa chitseko, ndipo pofika Lolemba anabwera kudzagula wachitatu, chifukwa mmodzi anabedwa.