Bwana ndi Kabokosi Kake

Bwana wina wandidandaulira kuti anyamata a zamakompyuta ku ofesi kwawo amuchotsa ulemu. Anamulanda chikompyuta chomwe chinkalira ngati chigayo pansi pa tebulo, n'kumupatsa kabokosi ka Lenovo ThinkCentre Tiny, kochepa ngati buku la nyimbo za kutchalitchi. "Nanga alendo akalowa aziona chiyani?" anatero.

Ndinamufunsa ntchito imene amagwira. Makalata pa Word, malipiro pa Excel, kenako Facebook nthawi ya nkhomaliro, yomwe kwa iye imayamba 10 koloko. Zoterozo kabokosi ka RAM ya 8GB ndi SSD kamazichita kakuyasamula. Magetsi akathima, batire la inverter limakapirira, pamene chigayo chija chinkakomoka limodzi ndi firiji.

Pogula timabokosi takale tochokera kunja, samalani: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imakana mapurosesa ambiri a Intel osafika m'badwo wa 8. Wogulitsa akati "ndi i7 iyi, bwana," mufunseni ya chaka chanji. Agogo nawonso anali mnyamata.

A Apple ndiye anaonjeza. Mac mini ya 2024 ndi masentimita 12.7 m'litali ndi m'lifupi momwe, koma batani loyatsira analiika kunsi. Umachita kukapendeketsa ngati ukuona ngati nkhuku yaikira.

Bwana uja kabokosi kake wakamangirira kuseri kwa sikirini, kuopa kuti kangalowe m'chikwama cha munthu. Chigayo chija chabwerera, pamwamba pa tebulo tsopano, chopanda ndi waya yemwe. Mesenjala amachipukuta m'mawa uliwonse.